Mpando wa Chikopa ndi Manja a Mlimi wa Fodya

Alimi anzathu, ndalama za fodya zimalowa m'nyumba kamodzi pa chaka, ndipo munthu wanzeru amafuna kuti zisanduke chinthu chokhalitsa zisanathere m'njira. Wina agula malata, wina ng'ombe ziwiri za pagoli, wina njinga. Alipo enanso kwa Mfumu Kapelula, monga m'madera ena a boma la Kasungu, amene mabelo ao akagulidwa bwino ku Chinkhoma kapena ku Kanengo amabwera ndi mipando ya chikopa, kuti mlendo akafika asakhalenso pa mtondo wogwadika. Kuyambira m'chaka cha 1990, pamene alimi a minda yaing'ono analoledwa kulima fodya wa bale, mipando yotere yalowa m'nyumba zambiri zimene kale munali mphasa ndi timipando tosema tokha.

Tsono mpando umenewu ndiwo thukuta la chaka chathunthu: kuthirira nazale m'dzuwa la Okutobala, kuokera m'matope, kusoka fodya m'chigafa mpaka usiku. Nchachisoni kuona kuti zisanathe zaka ziwiri mpando womwewo wada pamene pamatsamira mutu, wada pamene pamagona mikono, ndipo wayamba kunyata ngati mbale yosatsuka.

Nkhani yotsatirayi imveka kawirikawiri m'midzi. Mlimi wina ataona banga lakuda pa mpando wake anatenga palafini nalipukuta. Banga linakula. Anatenga phulusa la pamoto ndi madzi nakwecha ndi chisanza. Utoto wa mpando unayamba kuchoka. Mkazi wake anati, "Abambo, bwanji osaufunsa kaye kwa odziwa zikopa?" Koma iye anati, "Mayi, dzuwa lokha liumaliza," nautulutsa pabwalo masana onse. Madzulo chikopa chinali chitauma gwa, ndipo mwana atakhalapo chinang'ambika monga tsamba la fodya wouma. Munthuyu sanali waulesi, ndipo sanali wopusa. Anachita zinthu zitatu zimene pa nsalu kapena pa poto zikadathandiza, koma pa chikopa zonse zitatu ndi adani.

CHIKOPA NCHIYANI?

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa kapangidwe ka chikopa. Mukang'amba lamba wakale ndi kuyang'anitsitsa pong'ambikapo, mudzaona tiulusi tambirimbiri tolukanalukana ngati chisa cha mbalame. Nyama ili moyo, tiulusiti timakhala m'madzi ndi m'mafuta a thupi lake, nchifukwa chake khungu limapindika osathyoka. Nyama ikaphedwa, ntchito ya wofufuta ndi iwiri: kuletsa tiulusito kuti tisaole, ndi kutibwezera mafuta pang'ono kuti tizitererana. Chotero m'chikopa chilichonse chabwino muli kale mafuta, oikidwa mwadala ndi mwa muyeso wake. Chimene tifuna kuchotsa ndi mafuta achilendo amene alowa pamalo amodzi, popanda kuchotsa aja a wofufuta. Apa ndipo pagona vuto lonse.

Makolo athu ankafufuta zikopa za mbuzi ndi za nyama zakutchire pozipala, kuzifikisa m'manja ndi kuzidzoza mafuta, napanga nguwo ndi mbereko. Angoni ankaumitsa za ng'ombe napanga zishango. Kumaiko ena ankaviika zikopa m'madzi a makungwa a mitengo kwa miyezi yambiri, ndipo njira imeneyi ikalipo. Ndiyo imapereka chikopa cholimba chofiirira cha zishalo za njinga zakale ndi zidendene za nsapato. M'chaka cha 1884 munthu wina wa ku America, Augustus Schultz, analembetsa njira yofufutira ndi mankhwala a chrome m'masiku owerengeka, ndipo zikopa zambiri za mipando ndi nsapato za lero zimafufutidwa motero. Zimenezi ndi zofewa, ndipo kawirikawiri amazipaka utoto ndi kansalu kowala pamwamba kotchinga madzi.

Musanakhudze mpando wanu, dziwani mtundu wa chikopa chake. Utembenuzeni, muyang'ane kunsi kumene chakhomedwa ndi timisomali. Ngati kumbuyo kwake kuli nsalu yolukidwa, chimenecho si chikopa konse ai, koma pulasitiki womatidwa pa nsalu, amene amisiri ambiri amangomutcha Rexine. Tinene mosabisa kuti mipando yambiri yogulitsidwa ndi dzina la chikopa m'matauni athu ndi yotere, ndipo wogula achenjere pa mtengo. Ngati kumbuyo kuli kwa manyunyu, konunkha nyama, nchikopa chenicheni. Tsono donthezani dontho limodzi la madzi pamalo obisika. Likakhala pamwamba ngati mkanda, chikopacho nchotchingidwa ndi utoto, ndipo ntchito yanu idzakhala yopepuka. Likalowa ndi kusiya banga lakuda, chikopacho nchotseguka. Chimamwa chilichonse, ndipo chifuna dzanja lodekha. Mtundu wina ndi uja wa kumudzi konkuno: chikopa chosafufuta, chongoumitsa, chaubweya kapena chodulidwa zingwe zolukira pokhalira. Za icho tinena patsogolo.

KUMENE MAFUTA AMACHOKERA

Ambiri aganiza kuti mpando umada chifukwa cha fumbi. Fumbi limangomatirira pa mafuta amene afika kale. Khungu la munthu aliyense, ngakhale wosamba kawiri pa tsiku, limatulutsa mafuta, makamaka m'mutu, pamphumi ndi m'khosi. Pamodzi ndi mafutawo pamatuluka thukuta, limene lili ndi mchere. Tsiku limodzi simungaone kanthu. Koma bambo akakhala pa mpando womwewo madzulo aliwonse kumvera wailesi, mutu uli pamalo amodzimodzi, mafuta aja amafewetsa utoto wa pamwamba, nalowa m'tiulusi, nasasa m'menemo monga amasasira mafuta a nsinjiro zogonera. Mchere nawo umaumitsa chikopa, ndipo potsiriza pake pamachita ming'alu.

Onjezanipo mafuta odzola. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene mphepo ya chisanu imang'amba khungu pa chigwa cha Kasungu, ana ndi akulu omwe amadzola Vaseline ndi mafuta ena kumikono ndi kumiyendo, ndipo zonsezo zimatsalira pa mpando. Onjezaninso dzanja lochokera m'mbale ya nkhuku kapena ya usipa wokazinga, ndi girisi wa pa ekiselo ya ngolo.

Koma mlimi wa fodya ali ndi lake banga limene wa m'tauni salidziwa. Tsamba laliwisi la fodya lili ndi tiubweya totulutsa utomoni, ndipo aliyense amene anathyolapo fodya kapena kuchotsa mphukira adziwa m'mene manja amadera ndi kunyata. Utomoni umenewu sumva madzi okha. Munthu akachokera kumunda m'mwezi wa Febuluwale nagwira mkono wa mpando, amasiyapo ulimbo umene umakola fumbi lililonse la m'nyumba. Tikumbutsane pomwepa kuti m'tsamba lonyowa muli chikonga chimene chimalowa pakhungu ndi kuchititsa chizungulire ndi nseru. Kusamba m'manja pochokera ku fodya nkofunika kwa mwini thupi poyamba, mpando pambuyo. Njira yake njodziwika: tsitsani kadontho ka mafuta ophikira m'manja, fikisani mpaka utomoni usungunuke, ndipo musambe ndi sopo. Nzoseketsa ndithu kuti fodya wofukiza utsi uja, amene alimi a chigawo chapakati anayamba kumlima mwamphamvu m'zaka za m'ma 1920, timamutcha wa chikopa, pamene fodya ndi chikopa sizigwirizana m'nyumba imodzi.

BANGA LA LERO LOMWE

Mafuta akangogwera pa mpando, mankhwala ake ali kale m'nyumba mwanu, m'dengu la ufa.

Poyamba tengani kansalu koyera kouma, mukanikize pa bangalo ndi kunyamula, mukanikizenso ndi mbali ina. Musapukute uku ndi uku, pakuti kupukuta kumakankhira mafuta m'kati ndi kukulitsa banga. Ngati ndi girisi kapena mafuta oundana, yambani mwawakokola ndi msana wa supuni. Mukatero thirani ufa woyera pa bangalo, wochindikala ngati chala chaching'ono, upitirire m'mbali mwa banga pang'ono. Usindikizeni ndi chikhatho, ndipo muusiye usiku wonse. Ufa uli ndi ludzu la mafuta kuposa chikopa, ndipo pang'onopang'ono umawakoka kuchokera m'tiulusi tija. M'mawa sesani ndi nthenga za nkhuku kapena kansalu kofewa. Mudzaona kuti ufa wa pakati wachita chikasu ndi kugwirana timibulu; amenewo ndiwo mafuta atuluka. Thirani wina watsopano. Banga lalikulu lingafune katatu, kanayi, ngakhale sabata lathunthu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Tanena kuti ufa woyera, ndipo pali chifukwa. Mafuta a njere ya chimanga amakhala ochuluka m'kamtima kake. Amayi akakonola chimanga, kamtimako kamapita ku madeya pamodzi ndi gaga. Mphale ikaviikidwa, kuanikidwa ndi kugayidwa, ufa wotsalawo umakhala wopanda mafuta kwenikweni. Mgaiwa uli ndi kamtima konse. Ndiwo wabwino m'mimba mwa ana, koma pa chikopa ukhoza kuonjezera chimene mufuna kuchotsa. Madeya ndiye musayese nkomwe. Ufa wa chinangwa wosefa bwino umagwira ntchito yomweyo, chimodzimodzi choko woyera wa kusukulu wosinja, kapena paudala wa makanda. Ufawo ukhale wouma ndithu. Wa chinyezi umamata ndi kuchita chuku.

Chenjezo limodzi: ufa wogona pa mpando ndi phwando la makoswe ndi nyerere, ndipo khoswe akatha ufa amayamba chikopa. Vundikirani ndi mbale yachitsulo ndi kuikapo mwala. Ngati banga lili pa chotsamira, pamene ufa sungakhale, gonekani mpando chagada.

BANGA LAKALE

Lija la pamutu ndi la m'mikono, limene lakhala likukula kwa zaka, ndi nkhani ina, ndipo sitifuna kukunamizani. Mafuta amene alowa mpaka kuseri kwa chikopa, nafika ku thonje kapena siponji ya m'kati, satuluka onse. Mungathe kuwachepetsa, kuletsa kunyata, ndi kutalikitsa moyo wa mpando. Koma mtundu wake woyamba kawirikawiri subwerera.

Pa chikopa chotchingidwa ndi utoto chitani motere. Tengani madzi a mvula, kapena owiritsa ndi kuziziritsa, okwana kapu imodzi, m'mbale yadothi kapena ya pulasitiki. Fikisani m'menemo sopo wosambira wofatsa, wonga wa makanda, mpaka pachite thovu. Nthovulo limene mufuna, osati madziwo. Tapani thovu ndi kansalu kofinya kwambiri, muyese poyamba pamalo obisika, ndipo muone ngati utoto ukutsalira pa nsalu. Ukatsalira, lekani. Ukapanda kutero, pukutani mozungulira, mopepuka, kuyambira m'mphepete mwa banga kulowa pakati. Tsukani kansalu m'madzi oyera, mufinye, mupukute sopo yense, ndipo muumitse ndi nsalu ina. Pukutani chigawo chonse kuchokera pa msoko kufika pa msoko, chifukwa mukanyowetsa pakati pokha padzatsala mzere wozungulira madzi akauma. Mpando uume m'nyumba kapena pakhonde, pamthunzi podutsa mphepo. Ukauma, ikani ufa monga tanenera, ndipo mubwereze pakapita masiku angapo. Utomoni wa fodya umachoka ndi njira yomweyi, koma wouma mungayambe mwaufikisa pang'ono ndi labala woyera wa ana a sukulu.

Pa chikopa chotseguka chepetsani madzi koposa. Ufa ndiwo mankhwala ake aakulu. Mungathandize ufawo poika mpando m'chipinda chofunda masana, pakuti mafuta akafunda amayenda. Koma kufunda kwake kukhale konga kwa thupi la munthu, osapitirira.

Nchifukwa ninji tiumirira pa sopo wochepa? Chikopa chofufutidwa chimakhala bwino chikakhala chowawasa pang'ono, monga madzi a bwemba osungunula kwambiri. Sopo ali mbali inayo, mbali ya chidulo. Sopo wochepa, wochotsedwa msanga, sapweteka. Koma sopo waufa wochapira, soda ndi phulusa nzamphamvu. Amayi adziwa chimene chidulo chimachita ku therere ndi ku masamba okhwima: chimawafewetsa mpaka asungunuke. Pa chikopa chimamasula mankhwala a wofufuta, chimatsuka mafuta ake onse, ndipo chikopa chikauma chimakhala chophwanyika.

Palafini ndi petulo zimasungunula mafuta, nzoona, koma zimawatenga ndi kuwamwaza m'chikopa chonse, ndipo zimachotsa ndi aja ofunika omwe. Fungo lake silitha msanga, ndiponso m'nyumba ya koloboyi kapena mbaula mpando wotere ndi ngozi ya moto. Spiriti ndi kachasu zimasungunula utoto. Za dzuwa ndi moto, kumbukirani ichi: chikopa chosafufuta chikakhala chonyowa chimakwinyika ndi kuonongekeratu kutentha kukafika pafupi madigiri 65, ndipo chofufuta ndi makungwa chimapirira pang'ono chabe kuposa apo. Balani ya fodya pa masiku ouma mitsempha imafika pafupi madigiri 70. Chotero amene amapachika nsapato, lamba kapena zingwe za ng'ombe zonyowa m'balani kuti ziume msanga akuziphika. Chikopa chophikidwa sichibwereranso ngakhale mutachidzoza motani.

Palinso chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Chikopa chofufuta ndi makungwa chikakumana ndi chitsulo chonyowa chimada bii ngati inki, ndipo banga limenelo silichoka ndi sopo. Musatungire madzi otsukira m'chitini chadzimbiri, musakwechere ndi waya wotsukira mapoto, ndipo madzi a pa mjigo amene amasiya kufiira m'ndowa muwapewe.

KUBWEZERA MAFUTA OYENERA

Mwina mudabwa kuti titatha kulimbana ndi mafuta tikuti mudzoze ena. Koma tanena kale kuti chikopa chopanda mafuta nchakufa. Kusiyana kwake kuli pa mtundu wa mafuta, pa muyeso, ndi pa kuwafalitsa mofanana ponse.

Chikopa chotchingidwa ndi utoto sichifuna kudzozedwa ndi mafuta a kumudzi. Sangalowe, amangokhala pamwamba ndi kudetsa zovala za alendo. Chipukuteni ndi nsalu yachinyezi kamodzi pa sabata, basi. Rexine nayenso chimodzimodzi: thovu la sopo ndi nsalu. Mafuta a m'thupi akakhalitsa pa iye amamuumitsa mpaka ayambe kusweka ndi kusupuka, ndipo akatero palibe mankhwala koma kupita kwa mmisiri kukakuta mwatsopano.

Koma chikopa chotseguka, chishalo cha njinga, lamba, chikwama ndi nsapato za kumunda zimafuna kudya. Mafuta abwino koposa amachokera ku miyendo ya ng'ombe, ndipo m'masitolo a zishalo amalembedwa neatsfoot oil. Mungathe kuwapanga nokha tsiku limene ng'ombe yaphedwa pamudzi. Tengani mang'ina ndi mafupa a m'miyendo kunsi kwa bondo, muchotse ziboda, mutsuke, ndi kuwiritsa pa moto wofatsa kwa maola angapo. Mafuta achikasu adzayandama. Awauleni ndi chipande, muwasiye adikhe, muwasefe pa nsalu ndi kusunga m'botolo lotseka. Msuzi ndi nyama sizitayika, ana adya. Chodabwitsa cha mafutawa nchakuti saundana ngakhale m'chisanu cha Juni, pamene mafuta a pamimba pa ng'ombe yomweyo amalimba ngati kandulo. Miyendo ya ng'ombe imakhala yozizira kuposa thupi, ndipo mafuta a m'menemo analengedwa kuti akhale amadzimadzi pozizira. Nchifukwa chake amalowa bwino m'tiulusi ta chikopa.

Mafuta a nsatsi, amene agogo athu ankadzola ndi kufewetsera nguwo, nawonso ngabwino, ndipo sasasa msanga. Koma njere zake ndi zotsalira pophika nzapoizoni, zisafike kwa ana kapena ziweto. Mafuta ophikira a mtedza, a soya kapena a mpendadzuwa musadzoze chikopa: amasasa, amanyata, ndipo amaitana makoswe. Oyilo wakutha wa galimoto kapena wa chigayo, amene anyamata ena amapaka zingwe za ngolo, amaoletsa ulusi wosokera ndi kuyabwa khungu la ng'ombe.

Podzoza, donthezani pang'ono pa kansalu, osati pa chikopa, ndipo mufalitse chigawo chonse. Supuni yaing'ono imodzi ikwanira pokhalira ponse pa mpando. Dziwiranitu kuti chikopa chidzaderako. Koma kuda kofanana ponse kumabisa banga lakale lija, ndipo nthawi zina iyi ndiyo njira yokha yolikonzera. Siyani usiku, m'mawa mupukute zotsala mpaka nsalu yoyera isatengenso kanthu. Kawiri pa chaka nkokwana: mvula isanayambe, ndi itatha. Pa zingwe za pagoli ndi nsapato zoyenda m'mame, sungunulani mafuta a ng'ombe ndi phula la njuchi pang'ono, musakanize ndi mafuta a mang'ina aja, ndipo mufikise ndi dzanja zikazizira. Koma tsiku lodzoza lisakhale tsiku losankha fodya. Tsamba logwidwa ndi dzanja la mafuta kapena la fungo la palafini limatsitsa belo lonse pamaso pa ogula.

MPANDO WA KUMUDZI

Mpando wolukidwa ndi zingwe za chikopa chosafufuta, kapena woyalidwa chikopa chaubweya, ndi wolimba kuposa yonse ya m'sitolo, koma mdani wake ndi madzi. Ukanyowa umatamuka ndi kununkha, ukauma umakhala ngati thabwa. Usatsukidwe. Thirani ufa woyera kapena choko muubweya, mufikise mobwerera kumene ubweya wagonera, musiye usiku, ndipo m'mawa mukunthe ndi kamtengo ndi kupesa. Pa zingwe zonyata ndi thukuta, palani litsiro mopepuka ndi msana wa mpeni, ndipo mudzoze pang'ono.

M'miyezi ya Janyuwale ndi Febuluwale, pamene zipupa zimatuluka chinyezi, zikopa za mitundu yonse zimachita chuku. Tulutsani mpando pakhonde, musese chukucho panja kuti chisauluke m'nyumba, ndipo mupukute ndi kansalu kofinya koviika m'viniga wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, mutayesa kaye pobisika. Mpando usagunde chipupa, ndipo ngati pansi mpozira, miyendo yake ikhale pa timatabwa kapena njerwa. Mukaona tiufa ndi ubweya wothothoka pansi pa mpando, mwalowa tizilombo todya zikopa. Kunthani kawirikawiri ndi kuuika pamphepo. Mapepala a ulimi a m'zaka za m'ma 1950 ankalangiza DDT pa tizilombo ta mtundu uliwonse. Kuopsa kwake kunadziwika pambuyo pake, ndipo pangano la maiko la ku Stockholm la 2001 linamletsa pa ntchito zotere. Mankhwala a nankafumbwe a m'nkhokwe ndi opopera fodya asafike pa mpando. Pamenepo pamakhala mwana wosavala, ndipo khungu limamwa.

KANSALU KA PA CHOTSAMIRA

Amayi amene amaluka tinsalu ndi kutiyala pa zotsamira ndi m'mikono ya mipando ena amawaseka kuti nzokongoletsa chabe. Amayiwo ndiwo akhoza. M'zaka za m'ma 1800 amuna a ku England ankadzola m'mutu mafuta otchedwa Macassar, ndipo mipando inkada monga ikudera yathuyi. Akazi ao anayamba kuyala tinsalu toluka pa zotsamira, natitcha antimacassar, ndiko kunena kuti chotchinga Macassar. Kansalu kamachapidwa Loweruka lililonse ndi sopo aliyense, chikopa sichitero. Chidutswa cha chitenje chopinda kawiri chimagwira ntchito yomweyo, malinga chikhale chosasuluka, ndipo chizichapidwa chisanakhute mafuta, pakuti chikakhuta chimayamba kuwapatsira kunsi. Pa nyengo yothyola fodya nkwabwino kufunditsa mpando wonse, ndipo wochokera kumunda akhale kaye pa benchi mpaka atasamba. Mpando usakhale pa windo pamene dzuwa la masana limagwera, kapena pafupi ndi mbaula.

Mau otsiriza apite kwa amene afuna kudzipangira mpando ndi chikopa cha ng'ombe kapena mbuzi yao. Banga loipa koposa limayamba tsiku losenda. Mafuta ndi timinofu totsalira kuseri kwa chikopa, zikaanikidwa pansi padzuwa, zimasungunuka ndi kulowa m'tiulusi, ndipo malo amenewo amakhala akuda, onunkha ndi ofooka mpaka kalekale. Ufa wa nkhokwe yonse sungawachotse. Chikopa cha nkhosa ndicho chovuta koposa, popeza chili ndi mafuta ambiri m'kati mwake momwe; cha mbuzi nchosavuta. Sendani ndi mpeni wa nsonga yozungulira kuti musaboole, palani mafuta onse chikopa chikali chachiwisi, tsukani magazi ndi ndowe ndi madzi ozizira, ndipo muchitambasule ndi zingwe pa chimango cha mitengo, choimirira, pamthunzi, mphepo izipita mbali zonse ziwiri. Chigafa chopanda fodya m'miyezi ya chilimwe ndi malo abwino a ntchito imeneyi. Ng'ombe yofa yokha mwadzidzidzi, makamaka yotuluka magazi akuda m'mphuno ndi kumbuyo, musaisende konse: angakhale matenda a anthrax, amene mbewu zake zimakhala m'chikopa chouma kwa zaka zambiri ndi kugwira anthu. Itanani mlangizi wa ziweto, ndipo mpaka iye atafika ana ndi agalu asayandikire.